Chiwongolero Chochenjeza Ponjenjemera: Mafunso ndi Mayankho a Madalaivala a ku Mambwe

Galimoto zambiri zopangidwa m'zaka za posachedwapa zili ndi chiwongolero chimene chimanjenjemera mwadala pofuna kuchenjeza dalaivala kuti galimoto yayamba kupatuka pa njira yake. Galimoto zotere zikuoneka tsopano m'misewu ya kum'mawa kwa Zambia, zina zatsopano, zina zoyendapo kale kunja, ndipo zimatsikanso mapiri kuchokera ku Chipata kupita ku Malambo, m'chigwa cha Luangwa, m'boma la Mambwe. Kumeneko chipangizochi chimakumana ndi misewu, nyengo ndi nyama zosiyana ndi za kumene chinapangidwira.

Kodi kunjenjemera kumeneku n'chiyani kwenikweni?

Ndi chenjezo limene limafikira m'manja, osati m'makutu kapena m'maso. Galimoto ikazindikira kuti tayala latsala pang'ono kuponda mzere wa pamsewu dalaivala asanayatse indiketa, chiwongolero chimachita njenjenje kwa kamphindi, kenako n'kusiya. Dzina lodziwika kwambiri la chipangizochi ndi Lane Departure Warning, koma kampani iliyonse ili ndi lake: Toyota imati Lane Departure Alert, Ford imati Lane Keeping System. Makampani ena, monga BMW, amagwedezanso chiwongolero dalaivala akayatsa indiketa kuti asinthe njira pamene m'mbali mwake muli galimoto ina yosaoneka m'magalasi.

Pali mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Wina umangochenjeza basi, zotsalazo n'kumusiyira dalaivala. Wina umachenjeza n'kukankhanso chiwongolero pang'ono kuti galimoto ibwerere pakati pa njira. Kukankhako n'kofooka moti dzanja la munthu limakugonjetsa mosavuta, ndipo palibe mtundu ngakhale umodzi mwa iwiriyi umene umayendetsa galimoto pawokha.

Galimoto imadziwa bwanji kuti yayamba kupatuka?

Imaona ndi kamera. Kamerayo imakhala m'kabokosi ka pulasitiki komatidwa kumtunda kwa galasi la kutsogolo, kuseri kwa kagalasi koonera zam'mbuyo. Imajambula msewu mosalekeza, ndipo kompyuta imafufuza m'zithunzizo pamene penti yoyera kapena yachikasu ikusiyana ndi kuda kwa phula. Ikapeza mzere wa pakati ndi wa m'mbali, imawerengera pamene galimoto ili, mbali imene ikupendekera, ndi nthawi yotsala kuti tayala liwoloke mzere. Imayang'ananso liwiro, indiketa, mabuleki ndi mphamvu imene dalaivala akukhotetsera. Amene wayatsa indiketa, kapena wakhota mwamphamvu pozemba dzenje, amatengedwa kuti akudziwa chimene akuchita, ndiye kawirikawiri sachenjezedwa.

Pa dashibodi pamakhala kachithunzi ka galimoto ili pakati pa mizere iwiri. Mizereyo ikawala ndiye kuti kamera ikuuona msewu. Ikazilala n'kutuwa ndiye kuti kamera sikupeza kanthu, ndipo chiwongolero chikhala chete ngakhale galimoto italowera kutchire. Dalaivala wa ku Mambwe ayenera kukadziwa bwino kachithunzi kameneka, chifukwa pa ulendo umodzi kakhoza kuwala ndi kuzilala kambirimbiri.

Chipangizochi sichigwiranso ntchito galimoto ikamayenda pang'onopang'ono. Pa galimoto zambiri za Toyota chimadzuka liwiro likafika makilomita pafupifupi 50 pa ola, pa za Ford pafupifupi 65, ndipo pa zina mpaka 70.

N'chiyani chimene chimagwedeza chiwongolerocho?

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi kamota kakang'ono kobisidwa m'chiwongolero momwemo, kamene kamazunguza kachitsulo kolemera mbali imodzi. Foni ya m'manja imanjenjemeranso ndi kamota ka mtundu womwewo. Yachiwiri imagwiritsa ntchito mota yamagetsi imene imapepukitsa chiwongolero pokhota. Kompyuta imailamula kukankhira kumanja ndi kumanzere mofulumira kwambiri koma pang'onopang'ono, moti manja amamva kunjenjemera koma galimoto sisintha kolowera.

Bwanji osangoliza kabelu monga zimakhalira munthu akaiwala lamba?

Galimoto zambiri zimaliza ndithu, ndipo zina zimapatsa dalaivala mwayi wosankha. Komabe kunjenjemera kuli ndi ubwino wake. Phokoso la kabelu limapikisana ndi wailesi, macheza a apaulendo ndi mphepo ya m'mawindo, ndipo m'chigwa cha Luangwa mu Okutobala, pamene kutentha kumafika madigiri 40, amene alibe choziziritsa m'galimoto amayenda mawindo ali pululu. Nyali ya pa dashibodi nayo imafuna kuti munthu achotse maso pamsewu, chomwe ndi chinthu chosafunika pa nthawi imeneyo. Kunjenjemera kumafikira pa chiwalo chomwecho chimene chiyenera kukonza cholakwikacho, ndicho dzanja. Kuli ngati mnzako wokhala naye pafupi amene wakukodola mwakachetechete anthu ena osadziwa.

Kusadziwa kwa enawo si nkhani yaing'ono. Dalaivala wonyamula alendo kuchokera ku bwalo la ndege la Mfuwe kupita ku malo ogona a m'mphepete mwa Luangwa sangakonde kuti galimoto izilira nthawi iliyonse akaponda mzere, alendo n'kuyamba kumukayikira. Munthu wochititsidwa manyazi ndi chipangizo amangochizimitsa. Bungwe la ku America lofufuza za ngozi za pamsewu la Insurance Institute for Highway Safety linapeza kuti madalaivala amazimitsa kawirikawiri machenjezo olira kusiyana ndi onjenjemera.

Kufooka kwake n'koonekeratu: amene wagwira chiwongolero ndi zala ziwiri, kapena wachiveka chikuto chokhuthala cha siponji ndi chikopa ngati zogulitsidwa m'mashopu a zida za galimoto, samva bwino chenjezolo.

Zinayamba liti, ndipo kuti?

Oyamba kuchenjezedwa kudzera m'manja anali oyendetsa ndege. Ndege zikuluzikulu zili ndi chipangizo chimene chimagwedeza mwamphamvu chogwirira cha woyendetsa pamene mapiko atsala pang'ono kulephera kuinyamula. Pa misewu ya ku Ulaya, kamera yoona mizere inayamba kuikidwa m'mathiraki a Mercedes-Benz Actros mu 2000, ndipo chenjezo lake linali phokoso. Ku Japan, Nissan inaika chipangizo chothandiza kusunga njira mu galimoto ya Cima mu 2001, Toyota ndi Honda n'kutsatira mu 2002 ndi 2003. Citroën ya ku France inasankha kugwedeza mpando wa dalaivala, mbali imene galimoto ikupatukira. Pofika 2007, Audi ndi BMW zinali zikugulitsa galimoto zogwedeza chiwongolero.

Poyamba izi zinali makamaka za galimoto zodula. Zinafalikira pamene Toyota inayamba kuika zida zotchedwa Toyota Safety Sense m'galimoto wamba mu 2015, kuyambira ndi Corolla Axio ndi Fielder ku Japan. Mayiko a European Union nawo anakhazikitsa lamulo loti kuyambira Julayi 2022 mitundu yatsopano ya galimoto, ndipo kuyambira Julayi 2024 galimoto zonse zatsopano, zikhale ndi chipangizo chosunga njira pangozi komanso chochenjeza za tulo.

Pali umboni woti zimachepetsa ngozi?

Ulipo, koma suyenera kukokomezedwa. Kafukufuku wa bungwe la ku America lija, wotulutsidwa mu 2017, anayerekeza galimoto za mtundu umodzi, zina zokhala ndi chipangizochi, zina zopanda. Anapeza kuti ngozi za kusempha msewu, kukhudzana m'mbali ndi kugundana mutu ndi mutu zinachepa ndi 11 pa 100 iliyonse, ndipo zovulaza anthu mwa ngozi zimenezi zinachepa ndi 21 pa 100 iliyonse. Ziwerengerozi ndi za misewu ya ku America, yambiri mwa iyo yotakata ndi yolembedwa bwino. Sizingasamutsidwe momwe zilili n'kuikidwa pa misewu ya ku Mambwe.

Chifukwa chimene chenjezo la kamphindi chabe limapulumutsira chimaoneka pa masamu apafupi. Njira imodzi ya msewu wa phula imakhala mamita 3 kapena 3.5 m'lifupi, ndipo galimoto yaing'ono ndi pafupifupi mamita 1.8. Mbali iliyonse pamatsala malo osakwana mita imodzi. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi. Munthu amene waweramira foni kwa masekondi atatu wayenda mamita 66 osaona, ndipo kupendekeka pang'ono kwa dzanja n'kokwanira kumaliza kampata kotsalako.

Galimoto zotere zilipo ku Mambwe?

Zimabwera m'njira ziwiri. Ina ndi mapikiapu ndi galimoto zazikulu zatsopano, za boma, za mabungwe, za makampani a thonje ndi za eni malo ogona alendo. Mitundu yapamwamba ya Ford Ranger, yomwe imapangidwa ku Silverton ku Pretoria, yakhala ndi chiwongolero chonjenjemera kuyambira cha m'ma 2015, ndipo dalaivala amatha kusankha kuti kunjenjemerako kukhale kwamphamvu, kwapakati kapena kochepa. Njira ina ndi galimoto zoyendapo kale zochokera ku Japan, zodzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Nakonde. M'mene zaka zikupita, galimoto za 2015 ndi zam'tsogolo mwake ndizo zikufika, ndipo zambiri zikubwera ndi kamera pa galasi. Zing'onozing'ono za Toyota nthawi zambiri zimangolira, pamene zina za Honda zimagwedeza chiwongolero.

Vuto la galimoto za ku Japan ndi loti mauthenga a pa dashibodi ndi buku la malangizo zimakhala m'Chijapanizi. Mwini wake amaigula asanauzidwe kuti ili ndi chipangizo chotere, ndipo tsiku limene chiwongolero chanjenjemera koyamba amathamangira kwa makaniko poganiza kuti kutsogolo kwamasuka.

Galimoto zogwira ntchito tsiku ndi tsiku m'chigwamu, monga ma Canter onyamula thonje ndi chimanga, maminibasi akale, ndi ma Land Cruiser ndi ma Land Rover opanda denga oonetsera alendo nyama, zambiri zilibe chilichonse cha izi.

Chimagwira bwino ntchito pa msewu wa Chipata kupita ku Mfuwe?

Msewu umenewu, wa makilomita opitirira 100, ndiwo waukulu wa phula m'boma la Mambwe, ndipo ndi pomwe chipangizochi chingathandize. Koma kamera imawerenga penti, ndiye mphamvu yake imathera pamene penti yathera. Pomwe mizere ili yowala, masana kapena usiku nyali zitayatsidwa, imachita bwino. Pomwe dzuwa ndi matayala zafufuta mzere, pomwe phula linagambidwa osalembedwanso, kapena pomwe mvula yakokolera mchenga ndi dothi pamsewu, imakhala yakhungu. Mvula yamphamvu ya pakati pa Disembala ndi Malichi imaphimba mizere ndi madzi onyezimira. M'chilimwe fumbi ndi utsi wa moto wolusa zimachita zomwezo, ndipo dzuwa la m'mamawa kapena la madzulo likalasa galasi molunjika, kamera imathobwa monga momwe maso a munthu amathobwera. Pa makhota akuthwa a potsika mapiri zipangizo zambiri zimataya mzere.

Nthawi zina kamera imalakwitsa kwina: imatenga mng'alu womatidwa ndi phula, mthunzi wautali wa mtengo kapena mzere wakale wosafufutika bwino ngati mzere weniweni, n'kugwedeza chiwongolero popanda chifukwa.

Kuchokera ku bwalo la ndege, kudutsa midzi ndi timisika, kukafika pa mlatho wa Luangwa polowera ku South Luangwa National Park, msewu umakhala wodzaza oyenda pansi, ana a sukulu, njinga zonyamula makala ndi matumba, njinga zamoto, mbuzi. Dalaivala wanzeru amayenda pang'onopang'ono kumeneko, ndipo pa liwiro lotero chipangizochi chimakhala chisanadzuke n'komwe. Amene akuthamanga pa malo otseguka n'kutulukira pakati pa msewu kuti apatse mpata wanjinga, osayatsa indiketa, adzamva kunjenjemera. Ngati galimoto yake ndi ya mtundu wokankha uja, idzayesa kumubwezera kumanzere kumene kuli wanjingayo. Dzanja likagwira bwino limapambana, koma njira yolondola ndi kuyatsa indiketa nthawi zonse asanawoloke mzere.

Pali chizolowezi china cha madalaivala a m'misewu ya Zambia ndi Malawi chimene opanga zipangizozi sanachiganizire. Usiku, pokumana ndi galimoto ina, ambiri amayatsa indiketa ya kumanja pofuna kusonyeza mnzawo pomwe galimoto yawo yathera, kapena kuuza wam'mbuyo kuti asapitirire. Pa galimoto zambiri, indiketa ikayaka chenjezo la mbali imeneyo limakhala chete, popeza kompyuta imaganiza kuti dalaivala akufuna kuwoloka mzere. Ndiye kuti pa nthawi yoopsa kwambiri, galimoto ziwiri zikuyandikizana mu mdima, mzere wa pakati umatsala wopanda mlonda. Dalaivala wa chizolowezichi adziwe kuti pamenepo maso ake okha ndiwo akugwira ntchito.

Nanga m'misewu ya dothi ndi m'kati mwa paki?

Kumeneko sichithandiza. Njira zambiri zolowera ku Msoro, ku Malama ndi ku Nsefu, ndiponso za m'paki, n'zopanda phula ndi penti. Kamera ilibe chowerenga, liwiro ndi lochepa, ndipo timizere ta dothi touma pamsewu timagwedeza galimoto yonse moti chenjezo silikanamveka.

Kodi chiwongolero chinganjenjemere kutsogolo kukakhala njovu kapena mvuu?

Ayi. Chenjezo la mizere limaona mizere basi. Kuona chinthu chimene chaima pamsewu ndi ntchito ya chipangizo china, chochenjeza za kugunda, chomwe chimagwiritsa ntchito kamera pamodzi ndi rada, ndipo kawirikawiri chimalira, kuwalitsa nyali yofiira, kenako n'kugwira mabuleki. Chimenecho chinaphunzitsidwa kuzindikira galimoto, anthu oyenda pansi ndi apanjinga. Volvo inayambitsa mu 2016 chipangizo chozindikira nyama zikuluzikulu, koma inali kuganizira mahatchi ndi nyama za m'nkhalango za kumpoto kwa Ulaya ndi America.

M'chigwa cha Luangwa nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Njovu zimawoloka mtsinje kuchoka m'paki kulowa m'midzi ya m'dera la Lupande, makamaka usiku ndi nthawi ya mango. Mvuu zimatuluka m'madzi kukada kukadya msipu, ndipo njira zake zimadutsa misewu. Khungu la nyama zonse ziwirizi ndi lotuwa moderapo, losabweza kuwala, moti nyali za galimoto zimaziona mochedwa. Njovu yamphongo imatha kulemera matani 6, mvuu kupitirira tani imodzi ndi theka. Palibe dalaivala amene ayenera kuyembekezera kuti galimoto imuuza za nyama zimenezi. Chitetezo chake ndi liwiro limene lingamulole kuima mkati mwa mtunda umene nyali zake zikuunikira.

Chingadzutse munthu amene akusinza?

Chingamudzidzimutse kamodzi, koma tulo sichilichotsa. Munthu wotopa kwambiri amagona kwa masekondi ochepa maso ali chitsegulire, iye osazindikira. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, masekondi atatu otere ndi mamita 83. Kunjenjemera kukhoza kumubweza tayala lisanagwere m'mbali, ndipo pamenepo chipangizochi chachita ntchito yake yonse. Kukabwera kachiwiri ndi kachitatu m'mphindi zochepa, uthenga wake salinso wa mzere: munthuyo aime pamalo otetezeka, agone pang'ono kapena apatse mnzake chiwongolero.

Galimoto zina zili ndi chipangizo chapadera cha tulo. Volvo inayamba nacho mu 2007, Mercedes-Benz mu 2009. Chimayang'ana momwe dalaivala akugwirira chiwongolero kapena momwe galimoto ikuyendera njokanjoka, ndipo chikaona zizindikiro za kutopa chimalira n'kuonetsa kapu ya khofi pa dashibodi.

Amene wanyamuka ku Lusaka amakhala atayenda makilomita opitirira 550 pa Great East Road akamafika ku Chipata, ndipo chigawo chotsikira ku Mfuwe amachiyamba thupi litatheratu, nthawi zambiri dzuwa likulowa. Kuopsa kwa kutopa ndi mdima ndiko kunachititsa boma la Zambia mu 2016 kuletsa mabasi a maulendo ataliatali kuyenda pakati pa 21:00 ndi 05:00.

Munthu angasiyanitse bwanji chenjezo ndi kuwonongeka kwa galimoto?

Ili ndi funso lofunika koposa kwa madalaivala ndi amakaniko a m'chigwa, chifukwa kulakwitsa kwake kuli mbali ziwiri. Wina amawononga ndalama kusintha zida zabwinobwino pofunafuna vuto lomwe kulibe. Wina, atamva kuti galimoto zatsopano zimanjenjemera dala, amanyalanyaza tayala limene latsala pang'ono kuphulika.

Chenjezo ndi lalifupi, limafanana nthawi zonse, limabwera tayala likayandikira mzere, ndipo limasiya galimoto ikabwerera pakati. Pa dashibodi mzere wa mbali imeneyo umathwanima kapena kusintha mtundu nthawi yomweyo. La chiwongolero silimveka pa mpando kapena pa mapazi, ndipo pa galimoto zambiri silibwera indiketa ikayaka.

Kuwonongeka kumatsatira zina. Kunjenjemera kumene kumayamba liwiro likafika makilomita 80 kapena 100 pa ola n'kupitirira osaleka, ngakhale galimoto ili pakatikati pa njira, kawirikawiri kumachokera ku matayala osabalansidwa, rimu yopindika pa dzenje, kapena tayala lotupa m'mbali. Nthawi ya dzinja ku Malambo chimayambitsa kwambiri ndi matope. Dothi lakuda lomata la m'madambo limalowa m'kati mwa rimu, n'kuumira mbali imodzi, ndipo galimoto ikakwera phula chiwongolero chimagwedera ngati chithyoka. Kutsuka rimu kumathetsa vutolo. Kunjenjemera kobwera pokhapokha munthu akaponda buleki kumaloza ku madisiki a mabuleki osalingana. Kugwedera kotsagana ndi kugogoda, kapena chiwongolero chokhala ndi mpata musanayambe kukhota, kumaloza ku tie rod end kapena ball joint yotha, zida zimene misewu yokumbika imadya msanga, ndipo galimoto yotero siyenera kupitiriza ulendo pa liwiro. Kugunda kwa pedulo ya buleki pansi pa phazi poima mwadzidzidzi ndi ABS ikugwira ntchito yake, si vuto.

Njira yapafupi yotsimikizira ndi kuzimitsa chipangizo cha mizere pa batani lake n'kuyendanso pa msewu womwewo. Kunjenjemera kukapitirira, galimoto ipite ku galaja.

Chiwongolero chikanjenjemera, dalaivala achite chiyani?

Ayang'ane kutsogolo, agwire ndi manja awiri, abwerere pakati pa njira mofatsa. Choopsa ndi kudzidzimuka n'kukhota mwamphamvu. M'malo ambiri mphepete mwa phula munadyeka ndi mvula, moti pakati pa phula ndi dothi pali chitsitso. Tayala likagwera kale m'menemo, kulikokera pamsewu mwamphamvu pa liwiro kumaponyera galimoto kutsidya, kumene kukubwera ina, kapena kuigubuduza, makamaka pikiapu yaitali yosenza katundu pamwamba. Choyenera ndi kuchotsa phazi pa mafuta, kulola liwiro litsike galimoto ikuyenda molunjika, ndiyeno kukwera phula pang'onopang'ono.

Kodi n'kulakwa kuchizimitsa?

Pa msewu wodzaza maenje, pomwe dalaivala akuyenda mozemba uku ndi uku, kapena pomwe akukonza msewu ndipo mizere yakale ndi yatsopano yasakanikirana, kuzimitsa n'komveka, makamaka mtundu wokankha chiwongolero. Cholakwika ndi kuiwala kuyatsanso pa msewu wautali wolembedwa bwino, monga wa Chipata kupita ku Katete ndi Petauke, kumene kutopa kumagwira anthu. Galimoto zina zimakumbukira kuti chinazimitsidwa, zina zimachiyatsa zokha injini ikalizidwanso. Amene akuona kuti chimamuvutitsa ayambe wayesa kuchepetsa mphamvu ya kunjenjemera, kapena kusankha kuti chizichenjeza mochedwerapo, ngati galimoto yake ili ndi mwayi umenewo.

Msewu womwe ungachenjeze dalaivala mwanjira yomweyi?

Ungathe, ndipo unayamba kale kamera isanabwere. Timahampu tating'onoting'ono tondondozana timene timaikidwa modutsa msewu poyandikira sukulu, msika kapena mlatho timagwedeza galimoto kuti dalaivala achepetse liwiro. M'mayiko ena timakumbidwanso motsatira mzere wa m'mbali ndi wa pakati, kuti tayala likangopatuka galimoto ilire n'kunjenjemera; tinayamba kugwiritsidwa ntchito ku New Jersey ku America mu 1952. Chiwongolero chonjenjemera chinapangidwa motsanzira kumveka kwa timahampu timeneti.

Kwa boma longa Mambwe, njira ya pamsewuyi ili ndi ubwino umene ya m'galimoto ilibe: imachenjeza aliyense, wa Canter yakale ndi wa Ranger yatsopano chimodzimodzi, mvula kapena fumbi. Kusamalira misewu ikuluikulu ndi mizere yake ndi udindo wa Road Development Agency, pamene Road Transport and Safety Agency imayang'anira ziphaso, fitinesi ya galimoto ndi chitetezo cha pamsewu. Mabungwe onse awiri anakhazikitsidwa ndi malamulo a 2002. Kupentanso mizere yozilala kumathandiza maso a munthu usiku ndi kamera nthawi imodzi, ndipo mwa ntchito zonse za pamsewu ndi imodzi mwa zotsika mtengo.

Chimafuna chisamaliro chotani, ndipo chingaikidwe pa galimoto yakale?

Choyamba ndi galasi loyera patsogolo pa kamera. Fumbi, matope, tizilombo tophwanyika usiku ndi mng'alu wodutsa pamenepo zimaichititsa khungu. Mapepala a msonkho ndi inshuwalansi asamatidwe pafupi nayo, ndipo chizolowezi cholemba dzina kapena mawu a chipembedzo kumtunda kwa galasi, chofala pa maminibasi ndi mataksi, chimaitseka kotheratu. Galimoto yoimikidwa padzuwa la Okutobala imatha kuonetsa uthenga woti kamera yasiya kugwira ntchito chifukwa cha kutentha. Imayambanso yokha m'kati mukazizira, ndipo kuimika pa mthunzi kumapewetsa zimenezi.

Galasi likasweka ndi mwala n'kusinthidwa, kamera iyenera kulunjikitsidwanso ndi makina apadera, chifukwa kupendekeka kochepa kwambiri kumaipangitsa kuona mzere pamene palibe. Zomwezo zimafunika galimoto ikakwezedwa m'mwamba kapena kuikidwa matayala aakulu, monga amachitira ambiri okonzekera misewu ya m'tchire. Chitsulo chachikulu chotetezera kutsogolo chikhozanso kutseka rada yochenjeza za kugunda ngati sichinapangidwire galimoto imeneyo. Ntchito yolunjikitsa kamera si ya galaja iliyonse, choncho mwini galimoto afunse asanasinthitse galasi ngati amisiriwo ali ndi makinawo.

Pa galimoto yakale, tikamera tina togulitsidwa padera tomata pa galasi timatha kuona mizere n'kulira, koma sitilumikizana ndi chiwongolero, ndipo totsika mtengo timalira molakwitsa kawirikawiri chifukwa sitidziwa ngati indiketa yayatsidwa. Zida zokhazikika bwino zoikidwa ndi amisiri, monga za kampani ya Mobileye, zimalumikizidwa ku mawaya a liwiro, indiketa ndi mabuleki, ndipo zimagulidwa makamaka ndi makampani okhala ndi mathiraki ndi mabasi ambiri. Kumasula chiwongolero kuti muikidwe kamota n'koopsa, popeza pakati pake pamakhala chikwama cha mpweya choteteza dalaivala pangozi, chomwe chikhoza kuphulika pochigwira molakwika kapena kulephera kutuluka pa nthawi yake.